Makiyi Makumi Awiri ndi Atatu Amene Malemu Atisiyira

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi anansi amene mwabwera kudzatigwira dzanja, ine ndine mlongo wawo wamkulu wa malemu, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Dzina lawo lenileni mwaliona pa mtanda. Ndikalitchula ambiri muyang'anizana, chifukwa msewu wonse unkawadziwa kuti a Makiyi, ndipo inenso ndiwatchula momwemo.

Malemu a Makiyi anabadwa m'chaka cha 1976 m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa depoti ya mabasi. Anali achitatu komanso omaliza m'banja mwathu. Anakwanitsa zaka zinayi asanatulutse liwu. Akakondwa kapena akavutika ankakupiza manja, basi ikaimba hutala ankatseka makutu n'kulowa pansi pa tebulo, ndipo mlendo sankamuyang'ana kumaso. Mayi athu ankachita manyazi, bambo ankati ndi mwano, ndipo ntchito yowawongola inagwera ine wamkulu.

Ndinawawongoladi, sindibisa. Ndinkawakhazika pa mpando, manja pa mawondo, n'kuwagwira chibwano kuti andiyang'ane. Ndikawafunsa kuti muli bwanji, yankho linali limodzi basi, lakuti ndili bwino kaya inu. Akayankha zina, kapena manja akanyamuka, rula inali pafupi. Pofika zaka zisanu ndi ziwiri panalibe mwana wopereka moni bwino ngati iwo, mpaka amayi a kutchalitchi ankandiyamikira kuti ndidzakhala mphunzitsi wabwino. Ndinakhaladi mphunzitsi.

Sukulu anayamba mu 1983. Pa masamu panalibe wowaposa, koma phokoso la m'kalasi linkawazunguza mutu, ndipo anzawo ankawamenyera dala mabenchi kuti aone akutseka makutu. Analekeza m'kalasi lachisanu ndi chiwiri. Mkulu wina wokonza maloko kumsika anawatenga, ndipo awiriwo anagwirizana chifukwa onse sankakonda zoyankhulayankhula.

Mu 1995 anaika benchi lawolawo pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wometa ndi wosoka nsapato, ndipo anakhalapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Makina odulira makiyi anawakana chifukwa cha kulira kwake. Iwo ankapala kiyi ndi tupa, pamanja, ndipo kiyi wawo sankabwezedwa. Koma pakamwa, eee, sankadziwa kunyengerera. Munthu ukabwera ndi loko watsopano ukunyadira, ankangomutembenuza kamodzi n'kukuuza kuti uyu ngwachabechabe, anakuberani. Ena mwa inu munachokapo mutakwiya, mawa lake n'kubweranso.

Anakwatira mu 2009. Akazi awo, amene ankasesa m'maofesi, anabwera ndi loko wovuta. Malemu anamukonza tsiku lomwelo, koma kwa miyezi itatu ankapitabe kwawo Loweruka lililonse kukathira mafuta loko yemweyo, mpaka mayiwo anawafunsa ngati akufunsira iwo kapena chitseko. Alamu anga anali munthu wofatsa, ndipo sanayesepo kuwasintha. Mu 2015 Mulungu anawapatsa mwana wamkazi. Alamuwo anatisiya mu 2020, ndipo malemu anatsala ndi mwanayo awiriwiri.

Kutchalitchi ankasunga makiyi. Ankatsegula anthu asanabwere, n'kukhala pa benchi lomaliza pafupi ndi khomo, thonje lili m'makutu kuopa zinkuzamawu. Ambiri tinkati ngonyada. Abusa akukumbukira tsiku limene malemu anawauza potuluka kuti ulaliki watenga mphindi makumi asanu ndi ziwiri, ndipo ndi womwe uja wa chaka chatha. Ananena zoona.

Mwana uja anakula ngati bambo ake, wosayankhula, wokupiza manja. Atakwanitsa zaka zisanu, mphunzitsi wina wa ana ofunika chithandizo chapadera anawaitana n'kuwauza kuti mwanayo ali ndi otizimu. Anati si ufiti, si mwano, si matenda ofunika kuchiritsa, koma ubongo wake umamva dziko mwanjira yakeyake, ndipo manja aja amamuthandiza kukhazika mtima pansi. Ine ndinawaperekeza tsiku limenelo. Malemu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, ndiye kuti inenso. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Pobwerera sananditsutse, sanandikumbutse za rula. Anangondiuza kamodzi kuti, alongo, uyu yekha musamugwire manja.

Mwanayo anamulera mosiyana ndi mmene tinawalerera iwo. Sanamukakamize moni. Ankamutcha kuti Abwana, poti akaweruka kusukulu ankakhala pansi pa benchi n'kumasanja maloko monga mwa kukula kwake, ndipo wosokoneza mzerewo ankauona ukali. Popeza mawu sankabwera, malemu anamumangira mpukutu wa makiyi akale pa waya. Akapereka kiyi wamkulu wamkuwa ndiye kuti njala. Wamng'ono wa sutikesi ndi ludzu. Wopindika ndi phokoso lachuluka, tichokepo. Chaka ndi chaka ankaonjezera, mpaka makiyi anakwana makumi awiri ndi atatu, ndipo awiriwo ankacheza nawo tsiku lonse, nthawi zina mpaka kuseka. Ife tinkaona ngati masewera. Palibe mmodzi mwa ife amene anakhala pansi kuti awafunse tanthauzo la kiyi aliyense.

Matenda awo sanatenge nthawi. Lolemba la sabata yatha, wometa uja anaona malemu atapala kiyi molakwika, chinthu chimene sanachionepo, ndipo thukuta lili kamukamu. Anatseka shopu yake n'kupita nawo kuchipatala. Namwino atawafunsa mmene akumvera, malemu anakhala mowongoka, manja pa mawondo, n'kumuyang'ana m'maso, n'kunena kuti ali bwino, kaya iye. Sanabuule, sanagwire pamimba. Mzere unali wautali, ndipo anawapatsa mapilitsi opha ululu n'kuwabweza kunyumba. Namwinoyo sindimuda, anamva zimene anauzidwa. Lachinayi malemu anagwa pambali pa benchi lawo. Madokotala atawachita opaleshoni anapeza kuti kathumbo kakang'ono ka m'mimba kanaphulika kale masiku angapo m'mbuyomo. Anamwalira Lachisanu masana, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Yankho limene linawabweza kuchipatala ndinawaphunzitsa ndine, ndipo zikundiwawa kuposa mmene ndinganenere pano.

Mwana uja sali pakati pathu. Nyimbo ndi kulira zikanamupweteka, ndiye ali kunyumba ndi akazi a wometa. Pa makiyi aja, ife tikudziwapo atatu okha amene ndatchulawa. Chigwereni bambo ake, aliyense wolowa m'nyumbamo akumupatsa kiyi mmodzi, wakuda, wa mano awiri. Tamupatsa chakudya, madzi, bulangete, chithunzi cha bambo ake, tamuyang'ana thupi lonse, koma iye akungotambasulabe dzanja. Mphunzitsi amene anatiuza za otizimu uja anasamuka kalekale. Kapena mwanayo akufunsa kumene bambo ake apita, kapena penapake pakumupweteka, sitikudziwa.

Dzulo banja linakhala pansi kuti lione amene amutenge. Achimwene athu enawo, mkulu wawo wa malemu, ati nyumba yawo ili ndi ana asanu ndi wailesi yosatsekedwa. Akuchikazi ati mwana wotereyu sangamuthe. Ine ndinati ndimutenga, koma ndikalowa pakhomo amabisa manja kumbuyo n'kuthawira kuchipinda, chifukwa tsiku lina bambo ake atatembenuka ndinamugwira manja aja. Tinabalalika osamvana chimodzi. Ndikutidziwa mmene tilili, abale anga. Adzapereka kiyi ameneyu sabata ino ndi yamawa, kenako adzatopa n'kusiya, ndipo ife tidzauzana kuti mwana uja wazolowera.

Malemu asiya mlongo wawo mmodzi, amene ndine, mkulu wawo mmodzi, alamu atatu, ana asanu a mkulu wawo, apongozi aakazi, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo wa zaka zisanu ndi zinayi, amene tikachoka kumanda kuno sitikudziwa kuti akagona kwa yani.

Achimwene anga, a Makiyi, apumule mu mtendere.