Apongozi ananditengera kuchipatala kuti akandiyalutse

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mkamwini ku Mbulumbuzi, ndipo chaka chatha banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha miyendo yangayi.

Pakhosi panga panatuluka kachotupa, kachithokomiro. Mayi a kunyumba, pondikonda, anamva kwa anzawo kuti mankhwala ake ndi ayodini, nayamba kundidonthezera mu tiyi ayodini wopaka pabala uja. Posakhalitsa ndinayamba kuwonda, mtima uli phaphapha, thukuta kamukamu. Choopsa chinali chakuti masiku ena m'mawa miyendo inkangoti lobodo, osatheka kuimirira, koma pofika masana ndinkayenda bwinobwino.

Tsono inali nyengo yokolola nandolo. Ndani akanandikhulupirira? Apongozi anga aakazi ankalankhula mokweza kuseri kwa nyumba kuti ndimve: "Matenda anji odziwa nthawi ya kumunda? Mkamwini waulesi ndiye ayi, azipita kwawo!" Abale, zinandiwawa zedi. Ndinalira ngati mwana, n'kupemphera kuti Ambuye, ngati simundichiritsa, bola mundichitire umboni kuti sindikunama.

M'mawa wina nditagwanso, apongozi anaitana njinga ya kabaza. Amvekere, "Lero lomwe adokotala akanene pamaso panga kuti munthuyu ndi wabwinobwino." Anandikweza ngati thumba la chimanga. Kuchipatala chaching'ono anatitumiza ku chachikulu, kumene ananditenga magazi miyendo idakali yofooka.

Adokotala anati mchere wina wa m'magazi wotchedwa potaziyamu, umene umalimbitsa minofu, unali utatsika moti mtima ukanatha kuima. Anafotokoza kuti ofufuza anapeza kuti ayodini akachuluka amatha kupsetsa mtima chithokomiro, ndipo icho chimagwetsa mcherewo. Ayodini wa mumchere wathu wakukhitchini ndi wokwanira, wapabala si wakumwa ayi. Anawonjeza kuti ndikanabwera masana ndikuyenda, mwina magaziwo sakanaonetsa kanthu.

Mwamva? Ukali wa apongozi ndi umene Mulungu anagwiritsa ntchito kundifikitsa pa nthawi yake. Apongoziwo anangoti kukamwa yasa, kenaka misozi mbwembwembwe.

Lero ndikumwa mankhwala, kusikelo ya chithokomiro sindijomba, ndipo khasu ndikuligwira ngati kale. Ndikuthokoza Yehova. Inu amene mukudwala koma anthu akukuyesani onama, musafooke, pempherani ndipo pitani akakuyezeni. Nandolo wa chaka chino ndakolola ndekha, ndipo amene amandiletsa kusenza thumba lolemera ndi apongozi omwe aja.