Pepala la Galu Limene Linapititsa Asiyatu Kusukulu

Kale, m'zaka zija munthu sunkalowa mumsika wa Ntaja uno wopanda khadi la chipani m'thumba, pamene ngakhale mayi woyembekezera ankauzidwa kuti agulirenso wam'mimbayo, ine ndinali nalo kale dzina loipa. Sendezani njinga zanuzo kukhonde kuno, anyamata, mvulayi sikata msanga, ndipo iwe Yusufu leka kuseka, chifukwa zimene ndikuti ndinenezi mpaka lero zimandiumitsa malovu. Mumandidziwa ngati Che Jafali womata machubu, uja anagulitsa tambala mmodzi kwa anthu awiri, ndipo sindikukana, koma pali bodza limodzi limene likanaululika sibwenzi ndili pano ndi guluu m'manja.

Ndinakwatira kwa Kawinga, kuchikamwini, kwa mkazi wangayu Abiti Mussa, ndipo mwana wathu woyamba anali Asiyatu. Anabadwa bwinobwino, mpaka anayamba kunditchula kuti baba, koma ali ndi zaka zitatu anadwala malungo aakulu, ndipo tsiku limene anadzuka pamphasa, makutu ake anatsalira pomwepo. Tinazindikira ndowa itagwa kumbuyo kwake: nkhuku zonse zinabalalika, mbuzi inadula chingwe, koma mwana osatembenuka n'komwe.

Masiku ano mumaona pa kanema munthu ali pakona akuyankhula ndi manja, inu n'kumati ndi zachilendo, koma ife tinayamba kale kuseri kwa nkhokwe, popanda wotiphunzitsa. Ponena madzi ankagwira pakhosi, ponena amayi ake ankagwira pachifuwa, ndipo ine bambo wake ankanditchula poyendetsa zala ziwiri pamlomo. Chizindikiro chomwecho ndi chimene ankagwiritsa ntchito ponena munthu wabodza. Sekani, koma muchisunge chimenecho, tichipezanso kutsogoloku.

Atakwana zaka zisanu ndi ziwiri ndinamupititsa kusukulu ya m'mudzi, ndipo poti mutu wanga sukhala chete, ndinamuphunzitsa kachinyengo. Ndinamuuza ndi manja kuti aziyang'ana milomo ya anzake, akatsegula nayenso atsegule, akaomba m'manja nayenso aombe. Zinayenda miyezi ingapo, mwakuti mlendo akanati mwanayu ndiye mwini nyimbo. Koma tsiku lina kunabwera akuluakulu a chipani, ana anandandalikidwa padzuwa kuti ayimbe nyimbo yotamanda mtsogoleri wa dziko, ng'oma zinalira, ndipo Asiyatu anazimva m'chifuwa. Anasangalala mwana wanga, anatulutsa mawu ake enieni, mawu a munthu amene sadzimva yekha, okuwa, opotoka, pakati penipeni pa dzina la mwini dziko.

Nyimbo inaduka. Mnyamata wina wa malaya ofiira, a gulu lija linkayang'anira makhadi, anamukoka pamzere n'kumukwapula m'miyendo ndi kamtengo ka bwemba.

"Mwana wa ndani uyu wonyoza? Kapena ndinu a mpingo uja wokana makhadi?"

Inu simungamve kulemera kwa funso limenelo. A mpingo umenewo tinawaona ndi maso athu nyumba zawo zikufuka utsi, iwo akuthawira kutsidya kwa malire ndi mitolo pamutu. Ndinathamanga, ndinagwada pamaso pa a tcheyamani a dera lathu, Che Daudi, ndinati, "Bwana, iyayi, ife ndife Asilamu, khadi langa ili, mwanayu samva." Sanakhulupirire mpaka ndinatenga khasu lakutha limene linali belu la sukulu, n'kuliomba ndi chitsulo kumbuyo kwa mutu wake. Anthu onse anatseka m'makutu, Asiyatu akungopukuta misozi, osaphethira.

"Ndisadzamuonenso pamzere," anatero Che Daudi. "Akadzaliranso chonchi, mukayankhira kutsogolo."

Kutsogolo kumeneko, anyamata, kunalibe wobwerako kudzatiuza kuti n'kotani.

Amene anandiyitanira pambali anali ahedi a sukuluyo, a Gondwe, munthu wochokera kumpoto, wa mawu ochepa, amene nayenso ankayenda ngati woponda paminga. Anati kuseri kwa Limbe kuli sukulu ya amishoni ya ana osamva, yogonera komweko, kumene ana otere amaphunzira kulemba ndi kuwerenga, ndipo iwo akhoza kutilembera kalata yopempha malo. Abiti Mussa analira atamva za kutalikako, koma anavomera. Vuto linali lakuti kuchikamwini mwana si wa bambo. Mwini mbumba anali mlongo wake wa mkazi wanga, Che Bwanali, munthu wa ndevu zake ndi mkanjo woyera, amene mawu ake pamudzi paja anali ngati msomali.

"Ngwamba! Iyayi!" anatero, ndipo akayamba ndi Chiyao mumadziwa kuti zatha. "Akamudyetse nkhumba? Akamuthire madzi pamutu, abwere kuno dzina lake ndi Mariya? Alamu, inu munabwera pano ndi kabudula ndi mpeni basi. Mwanayu akhale mumpanda, asatuluke, mpaka Mulungu adzamupatse mwamuna womumvera chisoni."

Musawaweruze msanga Che Bwanali, nawonso ankaopa, ndipo ankamukonda mwanayo kuposa ana awo. Koma Asiyatu anakhala mumpanda miyezi iwiri. M'mawa uliwonse ankayima pa kampata ka udzu, sileti yake m'khwapa, kuyang'ana anzake akupita, ndipo akaona malaya ofiira patali ankalowa pansi pa nkhokwe n'kudzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Tsiku lina tikupalira chinangwa, Abiti Mussa anaponya khasu pansi.

"Inu bambo a Asiyatu, mumanamiza anthu pa nkhani za atambala. Lero mwana wanu akufuna bodza limodzi lokha, ndiye mwasanduka shehe?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nthawi imeneyo ndinkagwira ganyu ku Balaka, kutchetcha pabwalo la bwana wina wa m'boma, ndipo iye anali atandituma kukabayitsa galu wake katemera wa chiwewe. Obaya katemerawo anandipatsa pepala la Chingerezi, pamwamba pali chizindikiro cha boma, pansi chidindo chofiirira ndi siginecha yokhotakhota ngati njoka. Bwanayo sanalifunse, ine ndinalisunga kuti ndidzapichirire fodya. Sukulu yanga inathera sitandade thuu, koma ndinkadziwa chinthu chimodzi: Che Bwanali ankawerenga Chiarabu ngati madzi, koma zilembo za azungu kwa iwo zinali mapazi a nkhuku.

Ndinapita nalo nditagwetsa nkhope. "Alamu, zija zafika kuboma. Alamula kuti mwana apite kusukulu ya osamva. Ine ndinayesa kukana."

Analilandira ndi manja awiri, anati, "Ngati ndi boma, ife ndife ndani?" Ine mumtima ndinavina. Koma walira mvula walira matope. Lachisanu titatuluka mumzikiti anandigwira paphewa, akumwetulira ngati munthu wochita chanzeru.

"Alamu, kalata ija ndakaipereka kwa a tcheyamani, aone kuti banja lathu ndi lomvera. Akuti mawa m'mawa aiwerenga pamaso pa anthu onse kusukulu."

Wallahi, ndinamva nthaka ikupendekeka. Kunama m'dzina la boma! Ndiponso kufanizira mwana wa Chisilamu ndi galu pamaso pa mwini mbumba! Masana onse ndinakhala m'munda wa nandolo, ndikuyang'ana njira ya ku Nayuchi, ndikuwerengera kuti miyendo ingandifikitse kumalire dzuwa lisanalowe. Kulira kulikonse kwa galimoto kumsewu ndinkati ndi yanga. Koma ndikathawa, mafunso akanagwera Abiti Mussa, ndipo mwana akanakalambira mumpanda. Mkazi wanga anandipeza komweko, sanandinyoze, anangondipatsa malaya anga abwino aja n'kunena kuti, "Ngati akukutengani, akutengeni mukuoneka ngati munthu."

M'mawa mwake anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango, a malaya ofiira atayima kumbuyo ndi ndodo zawo. Che Daudi anatambasula pepala lija, analiyang'ana nthawi yaitali, analiyandikitsa kumaso, analitalikitsa, kenako anati maso awo akuwavuta ndi dzuwa. Anayitana a Gondwe kuti awerenge.

Apa ndiye panali poopsa, chifukwa a Gondwe sindinawauze kanthu. Analandira pepala, maso awo anayenda mzere woyamba, wachiwiri, n'kuyima. Anandiyang'ana. Anayang'ana Asiyatu, amene anali atabisa nkhope m'chitenje cha amayi ake, zipsera za bwemba zikuonekabe m'miyendo. Munthu uja akananena zoona akanapulumuka yekha, ndipo palibe akanamudzudzula. Akananama n'kugwidwa, tikanakwera galimoto imodzi, iye patsogolo.

Anatsokomola. "Ndingomasulira m'Chichewa kuti tonse timve. Boma likudziwitsa makolo ndi eni mbumba kuti mwana Asiyatu Jafali apite kusukulu ya ana osamva mwezi uno usanathe, ndipo pasapezeke womuletsa."

Kenako Che Daudi anagwedeza mutu mwaulemerero. "Ndinkaidziwa kale kalatayi. Inadzera kwa ine." Anayamba kuomba m'manja, ndipo mudzi wonse unaombera m'manja katemera wa galu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: pepala linali ndi chidindo, ndani akanalimba mtima kulifunsa? Che Daudi atatambasula dzanja kuti alitenge, a Gondwe analipinda msanga, anati lamulo likuti liyende ndi mwanayo.

Anthu atabalalika a Gondwe anandidutsa pafupi, osandiyang'ana, thukuta likutsika m'khosi. "Che Jafali, galuyo dzina lake ndi Bingo, wamphongo, wakuda. Ndili ndi ana anayi ine. Mukadzandichitanso zotere ndidzawerenga zenizeni." Madzulo ake analemba kalata yoona yopempha malo, ndipo yankho litabwera tinanyamuka.

Che Bwanali anaumirira kutiperekeza. Tinakwera sitima ku Balaka, ndipo titafika Che Bwanali anayima pamaso pa asisitere a pasukulupo, anati, "Boma latilamula, tabwera naye. Koma nkhumba iyayi, ndipo dzina lake ndi Asiyatu." Asisitere aja anadabwa ndi za bomazo, ine ndinatsokomola kwambiri, iwo anangoti za nkhumba ndi dzina asadandaule.

Chimene sindinachikonzekere chinali kutsanzikana. M'chinenero chathu cha kuseri kwa nkhokwe munalibe mawu oti ndidzabweranso, chifukwa tinali tisanasiyanepo. Asiyatu anandigwira buluku ndi manja onse. Ndinamulozera kumwamba, ndinajambula mwezi katatu, ndinadziloza ndekha, ndinaloza pansi pamene tinayima. Iye anandiyang'ana m'maso, n'kuyendetsa zala ziwiri pamlomo. Kaya ankandiyitana kuti baba, kaya ankati wabodza, mpaka lero sindidziwa, koma ndinalira kuchokera ku Limbe mpaka ku Balaka, Che Bwanali akundipatsa mpango wawo.

Miyezi itatu itakwana ndinali pageti dzuwa lisanakwere. Limenelo ndi lonjezo loyamba limene ndinasunga pa moyo wanga.

Pepala lija linakhala pansi pa sutikesi yake, poti lamulo linati liziyenda naye, ndipo ine zaka zonsezo ndinkagona ndi khutu limodzi kumsewu. Chaka chachinayi, atabwera kutchuthi, anandikokera kuseri kwa nkhokwe, analitulutsa, n'kulemba pansi ndi kamtengo zilembo zinayi zimene ngakhale wa sitandade thuu angawerenge: GALU. Anayika manja pamutu ngati makutu, anandiloza, n'kuseka ndi mawu ake aja, omwe aja anatsala pang'ono kutiphetsa. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndimutseke pakamwa, poti nthawi inali idakali yomweyo, koma iye anali atayamba kale kufufuta zilembozo ndi phazi. Mwana wanga anali atadziwa kuwerenga, ndipo chinthu choyamba chimene anandiwerengera chinali bodza langa.

Lero Asiyatu ali ndi makina ake osokera ku Liwonde, amalemba yekha miyeso ya makasitomala, amaswali kasanu patsiku, ndipo nkhumba sanayilawepo. A Gondwe anabwezedwa kwawo patapita zaka, boma litalamula kuti aphunzitsi a kumpoto abwerere kuchigawo chawo, ndinalephera ngakhale kuwaperekeza, ndipo ndikamapemphera dzina lawo sindiliiwala. Che Bwanali anamwalira akunyadirabe kuti boma lonse linkadziwa dzina la mdzukulu wa mayi awo, ndipo ine ndi Asiyatu tinawasiya apite nacho chimwemwe chawocho.

Tsono iwe Yusufu, ndamva kuti kamwana ka mlongo wako kafika zaka zinayi kosayankhula, ndipo mukukatsekera m'nyumba alendo akabwera. Mwini mbumba ndiwe tsopano. Palibe wa malaya ofiira akukudikira panjira, palibe akufunsa khadi, chotsala ndi manyazi okha, ndipo manyazi sanamangitsepo munthu. Mvula yakata, chubu chako chauma. Kakweze kamwanako pakaliyala mawa, upite nako kuchipatala akakaone makutu, ukafunsenso za sukulu. Ine ndinachita kubwereka pepala la galu. Iwe ungofunika kupalasa.