Njinga ya m'Buti

Lamulo loti Lachisanu lililonse anthu a pa koleji azisiya magalimoto kunyumba analilemba okha a wapampando wa komiti yosamalira chilengedwe, ndipo m'mawa umenewu ndiwo ankayenera kutsogolera mdipiti wa njinga pamaso pa mkulu wa koleji. Choncho alamu awo, mphunzitsi wa masamu wosadziwa nthabwala, atawapeza m'kanjira ka kuseri kwa mpanda akusolola njinga m'buti ya galimoto yomwe anali atangoimamatiza kumbuyo kwa ina, a wapampando analakalaka nthaka itangowameza.

"Alamu! Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka," anatero a wapampando, n'kumenyetsa buti, kenaka n'kudumphira uko ngati aponda moto.

"Galimoto iyi si yanu?"

"Yanga? Lachisanu? Ine?"

"Ikufanana ndi yanu."

"Magalimoto amafanana, alamu. Fakitale ndi imodzi."

"Ngakhale pophwanyika apa? Paja yanu ndinaigunditsa ine pa geti ya kwanu, malo omwewa."

"Mageti nawonso amafanana."

Mphunzitsi wa masamu uja anaganiza pang'ono n'kugwedeza mutu. A wapampando anapumira m'mwamba. Munthu wa madigiri awiri, bodza lake n'kukhala limeneli! Koma linali litadutsa.

"Nanga buti mumatani nayo?"

"Ndinaipeza yotsegula. Ndimangotseka, kuthandiza mwini wake."

"Njinga yanu inalowamo bwanji?"

"Ndinaitsamiritsa, n'kutererekamo."

"Oho." Alamu aja anawerama n'kupukuta nambala ya galimoto ndi chala. Mwadzidzidzi anaweramuka maso ali tong'o. "Alamu, nambala iyi ndi yanu!"

"Manambala ama..."

"Ayi! Manambala safanana. Imeneyo ndiye ntchito yanga."

"Yanga ili kunyumba, ndikukuuzani!"

"Munaiona?"

"Ndi maso angawa."

"Kalanga ine! Ndiye kuti mutangonyamuka, akuba analowa, n'kukupitirirani pa msewu inu mukupalasa!" Anapisa dzanja m'thumba. "Ndiwaimbire achemwali akaone pa khomo."

Mayi a kunyumba kwa a wapampando ankalawirira ku ntchito ndipo sankadziwa kanthu. Lachisanu lililonse madzulo ankawathowa miyendo ndi madzi otentha, n'kumauza anzawo kuti bambo masiku ano ndi chitsanzo cha dziko. Miyendo yake iyi, yomwe inkangopalasa kuchokera pa mpanda kukafika pa geti.

"Musawavutitse! Ali pa ntchito."

"Ndiye apolisi."

"Apolisinso ali pa ntchito!"

"Ntchito yawo ndi yomweyi, alamu."

"Tamverani, tiyeni tizipita. Ophunzira akudikira, zikwangwani zili m'manja. Za galimoto tikaziona masana."

"Mwati masana? Chuma chanu chili m'manja mwa mbava inu n'kumaganiza za mpweya wabwino? Koma ndinu munthu wodzipereka. Ndikanena zimenezi pa msonkhano, anthu onse amve."

"Musakanene!"

"Kudzichepetsa kumeneko ndikanenanso."

A wapampando anakwera njinga kuti angothawa. Mimba itakanikiza thumba la buluku, kiyi wa galimoto yemwe anali m'menemo anadinika. Galimoto inalira pwii-pwii, magetsi n'kuthwanima.

Mphunzitsi wa masamu ananjuta kumbuyo kwa tayala. "Shii! Ali pafupi!"

"Ndani?"

"Akuba! Kiyi ali naye, akutiona. Tsikani, bisalani!"

A wapampando anatsika. Pwii-pwii!

"Mwaona? Mukasuntha inu, iwo akudina. Akukudziwani bwino anthu amenewa."

"Mwina ndi batire chabe."

"Takweraninso tione."

"Sindikwera!"

M'chikwama mwa a wapampando munali botolo la madzi omwe ankadziwaza kumaso asanafike pa geti, kuti aoneke ngati achokera kutali. Lero silinafunike. Thukuta lenileni linkayenderera mpaka m'masokosi.

"Ndapeza nzeru," ananong'ona alamu aja, akutola kamtengo. "Tiphwetse matayala. Abwere aiyendetse tione."

"Musakhudze!"

"Bwanji? Mukuwamvera chisoni akuba?"

"Nawonso ndi anthu."

"Mtima wanu ndi wabwino, koma ine ayi." Psiii! Tayala lakutsogolo linayamba kugona.

"Alamu, siyani! Matayala ndi atsopano amenewo!"

"N'chifukwa chake tikuwateteza. Gwirani lakumbuyolo, ine ndimalize ili. Kenaka tiitane ophunzira onse adzaizungulire ndi zikwangwani zawo mpaka mwini kiyi atulukire."

A wapampando anaona zonse m'maganizo: ophunzira mazanamazana, mafoni m'mwamba, iwo pakati akufufuzidwa m'matumba. Anaponya njinga pansi, n'kusolola kiyi, n'kumukweza m'mwamba.

"Wakuba ndine! Kiyi ndi uyu! Ndabwera pa galimoto, sabata yatha ndinabwera pa galimoto, chiyambire ndimabwera pa galimoto! Njingayi ndimaikwera pano mpaka pa geti, ndipo ngakhale pamenepo ndimafika ndili wefuwefu. Kauzeni achemwali anu, kauzeni mkulu wa koleji, andichotse pa mpando!"

Psiii uja analeka. Alamu aja anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, nkhope ili phee.

"Ndiye kuti ndi yanu?"

"Ndi yanga!"

"Ndipo mwaiimika pano ndinu?"

"Ndine! Mukufunanso chiyani, magazi?"

"Mukanangotero poyamba paja, alamu. Ine andituma kudzafunafuna mwini wake." Analoza galimoto yakutsogolo ija, kenaka mthunzi wa munthu wovala suti yemwe ankasuzumira kuseri kwa mtengo. "Taibwezani m'mbuyo pang'ono. Mwaimamatiza kwambiri, mkulu wa koleji akulephera kutsegula buti kuti atulutse njinga yawo."