Pepala la Akapitawo Sindisaina

Aulutsi, ndikulemba kuchokera ku Cuamba. Muwerenge momwe ndalemberamu.

Mkazi wanga ankagwira ntchito pakampani yogula nandolo. Kumeneko matumba sawamanga ndi chingwe, munthu ndiye amakwera pamwamba pa ngolo ya thirakitala kukawapanikiza. Tsiku lina akapitawo analoza iyeyo kuti akwere. Pokhota pachipata ngoloyo inalowa m'dzenje, iye n'kugwa chagada. Tinakamuika kwawo ku Mandimba.

Titameta maliro, akapitawo anabwera ndi pepala lonena kuti malemu anakwera mwakufuna kwake.

"Achimwene, ingosainani apa, chipepeso chituluke msanga."

Ndinaliwerenga kawiri, kenako n'kuwabwezera. Kamwana kathu kakadzadziwa kuwerenga, sikadzapeza dzina langa pansi pa bodza lonamizira amayi ake. Chipepesocho akhale nacho.