Thobwa la Lachisanu

Magetsi atazima pachigayo cha ku Nsungwi, Mayi Gondwe anakhalira thumba lawo la chimanga pamzere. Patsogolo pawo panali mayi wina wosamudziwa, atanyamula chimera cha mawere m'beseni.

"Pepani amayi," anatero Mayi Gondwe, "chimera chimakhala nthawi yaitali bwanji chisanawonongeke?"

"Mukachiyanika mpaka kuuma gwa, miyezi itatu chimafika. Koma osachitsekera m'jumbo, chimachita chuku. Muzichiika m'saka, pamwamba, n'kumagayitsa chokhacho chimene mukufuna tsikulo."

"Changa ndi cha pa Khirisimasi."

"Uno ndi Juni, amayi. Chimenecho patsani nkhuku."

"Nanga thobwa likaphikidwa, limakhala masiku angati?"

"Apo mwafunsa mwini wake, ine ndimafulula masese ku Mgona. Thobwa ndi masiku awiri basi. Likagona kachitatu, layamba kulowerera ntchito yanga."

Mayi Gondwe anakonza chitenje chawo, nayang'ana pansi.

"Bambo a kunyumba amati ndiziphika Lolemba, iwo azimwa Lachisanu. Akuti la msanga limawapweteka m'mimba."

"Akamwa amatani?"

"Amayimba nyimbo za m'buku mavesi onse, kenako amagona pampando nsapato zili kuphazi."

"Bambowo amamwa mowa?"

"Ayi, ndi mkulu wa mpingo. Chikwatiranireni, zaka makumi awiri tsopano, sanalawepo ngakhale dontho."

Mayi wa ku Mgona anatula beseni lake pansi, n'kuwayang'ana bwinobwino.

"Ndiye inu ndi ine ntchito yathu ndi imodzi, amayi. Kungoti inu kasitomala muli naye mmodzi."