Filomena wa ku Chongoni pa wailesi

Pasiteji ya minibasi pa Dedza, bambo wina wonyamula sola yatsopano anayamba kucheza ndi mayi wachikulire amene anakhala pafupi naye.

"Mayi, munamva pa wailesi? Akuti mtsikana wa ku Chongoni, Filomena, ndi katswiri wa fizikisi. Amafufuza timapale topyapyala tam'kati mwa solamu, tosandutsa dzuwa kukhala magetsi."

"Yekhayekha?"

"Ayi, ndi anzake a ku India ndi ku Japan. Mafakitale akunja akutsata nzeru zake! Makolo ake ayenera kuti ndi ophunzira zedi."

"Ayi, bambo, mayi wake ndine, ndipo pasukulu sindinapondepo. Iye amangoti, 'Ntchito ikuyenda, amayi.' Tabwerezani pang'onopang'ono ndimvetse. Mwati mwana wangayo amatani nalo dzuwa?"