Kalata Inafika Maliro Atapita

Okonza pulogalamu, ndiwerengereni nkhani yangayi, mwina mtima wanga ungapepukeko. Ndine mkulu wa mpingo wa Amalawi ku Cosmo City kuno ku Joni.

Kumpingo kwathu kunkabwera mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways. Tsiku la Mgonero ndinawaletsa kufika pa gome chifukwa analibe kalata yochokera kumpingo wa kwawo.

"Abambo, kalata ikubwera pa basi," anatero. "Ndatha zaka ziwiri osadya Mgonero."

"Mayi, lamulo ndi lamulo," ndinayankha.

Anakakhala pa benchi yakumbuyo n'kumaimba nafe. Patangopita milungu itatu anadwala n'kumwalira. Kalata ija inafika m'manja mwanga maliro atapita kale kumudzi. Inkanena kuti anali Mkhristu wokhulupirika kuyambira ali mtsikana.

Ndimaisunga m'Baibulo langa. Ndikamadutsa ndi mbale ya mkate pa benchi ija, ndimamva ngati mayi aja akuimbabe. Abusa amandiuza kuti chisomo chimakwanira ngakhale kwa ine, koma mtima sukhazikika.

Akulu ampingo anzanga, kuno apolisi akatiimitsa kufuna mapepala timalira. Koma ine ndinabweza mayi wanjala chifukwa cha pepala, pa gome lomwe silinali langa.